Misika ya Patchire pa Msewu wa I-10

Msewu wa Interstate 10 wa ku America, womwe eni dziko amangoutchula kuti I-10, umayambira ku Santa Monica m'mphepete mwa nyanja ya Pacific n'kukathera ku Jacksonville, kufupi ndi nyanja ya Atlantic. Gawo lake lodutsa m'chigawo cha Texas chokha ndi lotalika makilomita oposa 1,400. Ife tidalowa mumsewuwu pa San Antonio chakumapeto kwa chaka cha 2025, kuloza kum'mawa, ulendo wokaona abale kugombe la Alabama. Pachiwongolero padali alamu anga, omwe adayendetsapo mathiraki m'dzikomo asanapeze ntchito yogona pakhomo. Ine maso adali pa ng'ombe ndi mitengo yaminga ya m'mbali mwa msewu. Iwo ankayang'ana mphambano iliyonse imene tinkadutsa, n'kumanena ngati pali ndalama kapena palibe.

Zikwangwani zidayamba tisanapite patali. Pa chilichonse padali nkhope ya kanyama ka m'madzi kotchedwa beaver, kamano awiri otuluka, katavala kapusi yofiira. Zina zinkangonena mtunda wotsala, zina zinkaseleula apaulendo kuti apirire pang'ono, chimbudzi chabwino chili kutsogolo. Sindidaonepo kwina kulikonse sitolo yodzitama ndi zimbudzi kuposa katundu wake. Koma Buc-ee's, kampani ya zikwangwanizi, idakula ndi nkhani imeneyi. Arch Aplin adayamba mu 1982 ndi kasitolo wamba kufupi ndi Lake Jackson, kum'mwera kwa Houston, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 sitolo zawo sizinkasiyana kwenikweni ndi malo ena omwetsera mafuta a m'matauni. Zinthu zidasintha pomwe adachoka m'tauni n'kukamanga pamsewu waukulu, pa Luling, mu 2003.

Pa Luling tidafikapo ola lisanakwane. Sitolo yakale ija kulibenso. Mu June 2024 adatsegula ina pambali pake, ya masikweya mita oposa 7,000, yokhala ndi malo 120 omwetsera mafuta, ndipo kampaniyi imati palibe sitolo ina yamtunduwu yoposa imeneyi kukula padziko lonse. Tauni ya Luling ili ndi anthu osakwana 6,000. Ndidaima pabwalo loimika magalimoto, kuyang'ana uku ndi uku: tchire, msipu, mlatho wa msewu wodutsa pamwamba. Nyumba za anthu sizinkaoneka n'komwe.

"Alamu, nanga ogula onsewa akuchokera kuti?"

"Malo ano sadamangire anthu a pa Luling, ngakhale ife a ku San Antonio," adatero. "Adamangira a ku Houston."

Adandifotokozera motere. Kuchoka ku Houston kufika pa Luling ndi makilomita opitirira pang'ono 200, ulendo wa maola awiri ndi kanthu. Banja lomwe lanyamuka m'mawa litamwa khofi, likamafika pano ana ayamba kudandaula njala, wina akufuna kutaya madzi, woyendetsa msana wauma. Mafuta mwina akadalimo, koma poti aima kale, amwetseratu. Komanso pamalo pomwepa msewu wa US 183, wochokera ku Austin kutsikira cha kugombe, umadutsana ndi I-10. Mukayang'ana mapu, masitolo ena akuluakulu a kampaniyi akhala mwa njira yomweyi: Madisonville pa I-45 pakati pa Houston ndi Dallas, Temple pa I-35 kumpoto kwa Austin, Waller pa US 290, Bastrop pa msewu wochoka ku Austin kukalumikizana ndi I-10. Mizinda ikuluikulu ya Texas idakhala ngati mafuwa atatu, ndipo sitolozi zidatchera m'njira zoilumikiza, pomwe thupi la wapaulendo limayamba kupempha kutsika. Yemwe adayendapo pa basi kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre amadziwa chifukwa chake pa Ntcheu pamakhala chipwirikiti cha ogulitsa chipisi ndi mazira: sikuti a pa Ntcheu amadya kwambiri kuposa ena, koma kuti njala ya okwera imakhwimira pamenepo.

Pali chinanso chomwe mlendo sangachidziwe pongoona. Misewu ya Interstate idayamba kumangidwa potsatira lamulo la 1956, nthawi ya pulezidenti Dwight Eisenhower, ndipo malamulo a boma lalikulu amaletsa kuchita malonda pamalo opumira a boma omwe ali m'misewuyi. Mungapezepo zimbudzi, mabenchi, ndi makina ogulitsa zakumwa, koma osati mafuta kapena lesitilanti. Misewu ina yakale yolipiritsa, makamaka ya kumpoto chakum'mawa, ndiyo idasiyidwa kuti ipitirize ndi malo ake odyera chifukwa idamangidwa kale. Kwina konse, wofuna kugulitsa kwa apaulendo ayenera kupeza malo pomwe msewu uli ndi popatukira. Popatukira ndi powerengeka, ndiye munda wa ng'ombe womwe uli pakona ya mphambano yabwino umakwera mtengo kuposa wina wofanana nawo womwe uli makilomita awiri chabe kutsogolo. Bungwe la eni malo oimapo mathiraki, NATSO, lakhala likulimbana ndi aliyense wofuna kufewetsa lamuloli, ndipo n'zomveka: atati alole mafuta pamalo opumira a boma, ndani angavutikenso kupatuka?

Mkati mwa sitoloyo mudali piringupiringu. Pakati penipeni anyamata ovala zipewa zachikauboyi ankaduladula nyama ya pachifuwa cha ng'ombe yowamba ndi utsi, n'kumafuula pamodzi ikafika yatsopano. Khoma lathunthu lidali la nyama yofutsa. Kwina mitanda yoika soseji mkati yomwe adabwera nayo anthu ochokera ku Czech, kwina timaphukusi ta chimanga chofufuma chothira shuga, kwinanso malaya, mapoto, zoseweretsa ana, ngakhale chimanga chodyetsera agwape cha alenje. Zimbudzi zidalidi zoyera, chilichonse ndi chitseko chake chofika pansi, ndipo wokolopa samachokamo. Sitolo yawo ya ku New Braunfels idapatako mphotho ya zimbudzi zabwino koposa m'dziko lonse mu 2012.

Mipando yokhalapo podya ndiyo mulibe. Mukagula, mukadyere m'galimoto kapena choimirira, kenako mupereke malo kwa wina. Apa mpamene ndidamvetsa kuchuluka kwa mapampu kuja. Phindu la pa lita ya petulo ndi lochepa. Ndalama zenizeni zili pa nyama ndi pa malaya. Mapampu achuluka kuti wodutsa pamsewu asaone mzere n'kusintha maganizo, ndipo mafuta atsika mtengo kuti apatuke. Zonsezi zimafuna malo aakulu, maekala ngati 30, athyathyathya, okhala ndi madzi, mapaipi a zonyansa ndi magetsi okwanira, poti masiku ano pawonjezekanso motchajira magalimoto amagetsi. Malo otere m'kati mwa mzinda ndi odula ndiponso osowa. Patchire penipeni pamasowa mapaipi ndi antchito oposa 200 omwe sitolo imodzi imalemba. Choncho amasaka kumalire kwa tauni yaing'ono: pafupi moti paipi ifika, patali moti malo n'ngotchipa.

Tidapatukira m'tauni mwenimwenimo chifukwa ine ndidaumirira. Luling idabadwa ndi njanji mu 1874, idalemera ndi mafuta apansi omwe Edgar B. Davis adawapeza mu 1922, ndipo mpaka lero kafungo ka sulufule kamamveka mumpweya. Makina opopa mafuta a m'tauniyi adawakongoletsa ndi zithunzi zoseketsa, thanki yamadzi adaipenta ngati chivwende, popeza chaka chilichonse kumakhala chikondwerero cha mavwende chomwe chidayamba mu 1954. Pamsewu wa pafupi ndi njanji pali City Market, malo akale owamba nyama, komwe amakupatsirani papepala. Kudali anthu, inde, koma ochepa kwambiri poyerekeza ndi khamu lomwe tidalisiya pamphambano. Ambiri mwa amene amati adaima pa Luling, tauniyo sadaione.

Za Houston sindinena zambiri. Pa Katy msewu umatambasuka mpaka kusokoneza mutu, ndipo sitolo ya Buc-ee's ya kumeneko imadziwika ndi makina otsukira magalimoto aatali mamita 77. Tidadutsa mzindawo, tidadutsa mafakitale oyenga mafuta, tidaimanso pang'ono pa Baytown. Alamu adamwetsa mpaka pakamwa pa thanki.

"Kuyambira pano kanyama kaja simukaonanso mpaka ku Mississippi," adatero.

Ndi mtunda wa makilomita oposa 500, Louisiana yense wathunthu. Kampaniyi idalengezapo mu 2016 kuti imanga ku Baton Rouge koma pambuyo pake idasiya. Pa nthawi ya ulendo wathu nkhani idali ya masitolo awiri omwe akubwera, ku Ruston pa I-20 ndi ku Lafayette pa I-10, koma yotsegulidwa kudalibe. M'chigawo chimenechi ndimo alamu adandionetsa mtundu wina wa malo oima apaulendo, womwe iwo amaudziwa bwino koposa.

Buc-ee's salola mathiraki akuluakulu onyamula katundu. Zikwangwani zoletsa zili pakhomo penipeni. Madalaivala ambiri zimawawawa, poti katundu yense wa m'sitolomo amabwera ndi iwo omwe. Iwo malo awo ndi a Love's, omwe adayamba ku Watonga m'chigawo cha Oklahoma mu 1964, a Pilot, omwe Jim Haslam adayambitsa ku Gate City ku Virginia mu 1958 ndipo tsopano ali m'manja mwa Berkshire Hathaway, ndi a TA, omwe BP idagula mu 2023. Awa posankha malo sayang'ana njala ya ana. Amayang'ana wotchi ya dalaivala. Lamulo limalola woyendetsa thiraki kuyendetsa maola 11 mkati mwa maola 14 a ntchito, kenako apume maola 10, ndipo makina a m'galimotomo amalemba zonse, sungawanamize. Maola akatha, thiraki iyenera kuima, kaya pali malo kaya palibe. Ndiye malo abwino ndi pomwe misewu ya katundu imakumana, kufupi ndi madoko ndi nyumba zosungira katundu, makamaka kunja pang'ono kwa mzinda waukulu, kuti dalaivala agone usiku n'kulawirira kukatsitsa katundu msewu usanadzaze.

Tidaima pamalo ena otere dzuwa litapendeka. Kuseri kwake mathiraki adali atandanda kale, ena akuzungulira kusaka pogona. Mkatimo chimkuzamawu chinkaitana manambala a oyembekeza kusamba. Kudali sikelo yoyezera kulemera kwa thiraki, malo okonzera matayala, makina ochapira zovala. Alamu adakhala chete kanthawi, kenako adati chomwe chinkawasowetsa mtendere pantchito ija sichidali kutalika kwa ulendo, koma kufika madzulo n'kupeza malo onse adzaza, wotchi itatsala ndi mphindi zochepa. Vuto limeneli ndi lodziwika mpaka ku Washington. Mu 2012 adakhazikitsa lamulo lotchedwa Jason's Law, lolimbikitsa kuwonjezera malo oimika mathiraki, dalaivala wina ataphedwa mu 2009 ku South Carolina atagona pamalo omwetsera mafuta omwe adasiyidwa. Komabe malo oimikapo salowetsa ndalama zambiri, ndipo anthu okhala pafupi safuna phokoso la injini usiku, choncho kusowako kudakalipo.

Ku Louisiana kulinso chifukwa china chomwe sindikadachiganizira. Malo ambiri oima mathiraki kumeneko ali ndi chipinda cha makina a juga. Malamulo a chigawochi amalola malo oterewa kukhala ndi makina ochuluka kuposa mabala ndi malesitilanti, ndipo chiwerengero chake chimadalira mafuta omwe amagulitsa. Mu 1996 maboma ang'onoang'ono a chigawochi, omwe kumeneko amawatcha maparishi, adavota lililonse palokha: ena adakana makinawa, ena adawalola. Zotsatira zake zimaoneka pamsewu. Parishi ya Lafayette idakana, yoyandikana nayo ya St. Martin idalola, East Baton Rouge idakana, West Baton Rouge ya tsidya lina la mtsinje idalola. Mukangodutsa malire mumayamba kuona malo oima mathiraki okhala ndi magetsi othwanima, ena mwa iwo mathiraki ake owerengeka koma magalimoto ang'onoang'ono a anthu a m'tauni yoyandikana ali mbwee. Pamenepo wosankha malo sadawerenge maola a dalaivala kapena njala ya mwana. Adangotsata malire a parishi.

Pakati pa maparishi amenewa pali mlatho wa Atchafalaya, wotalika makilomita 29, womwe udatsegulidwa mu 1973. Msewu wonse wayenda pamizati pamwamba pa dambo lalikulu la madzi ndi mitengo yomera m'madzimo. Apa palibe angamange sitolo ya maekala 30 ngakhale atafuna, n'chifukwa chake kumapeto onse awiri a mlathowu kuli malo omwetsera mafuta odikirira otsika. Cha kum'mawa kwake, pa Grosse Tete, pali malo ena omwe kwa zaka zambiri ankakopa apaulendo ndi kambuku wamoyo m'khola, mpaka nyamayo idafa mu 2017 milandu ya omenyera ufulu wa zinyama ili mkati. Kukopa munthu yemwe akuthamanga makilomita 110 pa ola kuti aponde buleki si ntchito yamasewera, ndipo kuyerekeza ndi kambuku, chimbudzi choyera n'chanzeru ndithu.

Pa Baton Rouge tidawoloka mtsinje wa Mississippi mwapang'onopang'ono, magalimoto atathithikana pamlatho, kenako tidatenga I-12 yomwe imalambalala New Orleans kumpoto kwa nyanja ya Pontchartrain. Misewu ya I-10 ndi I-12 imakumananso pa Slidell, pomwe I-59 imayambira. Mukapitirira pang'ono kulowa m'chigawo cha Mississippi, pa mphambano ya Menge Avenue kufupi ndi Pass Christian, kanyama kaja kadatulukiranso pamwamba pa mitengo ya paini. Sitoloyi idatsegulidwa mu June 2025. Sindidafunikenso kufunsa alamu. Akadaimanga kumadzulo kwa Slidell, akadasankha pakati pa ochokera ku New Orleans ndi odzera I-12. Pano onse alowa kale mumsewu umodzi, ndipo kutsogoloku kuli Gulfport ndi Biloxi, kwa magombe ndi nyumba za juga.

Mlatho wa pamphambanoyo udali watsopano ndi wotakasuka, wosafanana ndi kamsewu ka kumudzi komwe umalumikiza. Udamangidwanso sitolo isanatsegulidwe, ndipo boma la deralo lidaikapo ndalama zake. Umu ndi momwe zimakhalira malo ambiri: kampani ikaloza mphambano, khonsolo imalonjeza kukulitsa msewu, kukoka mapaipi, kapena kuibwezera gawo la msonkho wa malonda kwa zaka zingapo. Makhansala amawerengera kuti msonkhowo udzachokera m'matumba a alendo, osati a ovota awo, ndipo malipiro omwe sitoloyi imalemba poyera pachikwangwani cha pakhomo amaposa a ntchito zambiri za m'matauni ang'onoang'ono. Ine ndikuona kuti kuwerengera kumeneku nthawi zambiri n'koona, koma kuli ndi mbali yomwe satchula pa mwambo wodula riboni. Wapaulendo ali ndi mimba imodzi. Akadya pamphambano iyi sadyanso pa inayo, ndipo kamalo ka banja komwe kadali makilomita 20 kutsogolo ndiko kamalipira. Komanso kampani yomwe ikanabwera ndithu chifukwa cha kuchuluka kwa magalimoto imapatsidwa mphatso yoti ibwere, chifukwa choopa kuti ingapite kwa oyandikana nawo.

Si onse amavomera. Ku Efland, m'chigawo cha North Carolina, anthu adakana chifukwa malo omwe adasankhidwawo adali m'dera lomwe madzi ake amatsikira m'mitsinje yomwe anthu amamwa, ndipo matanki a mafuta okwiriridwa pansi adawadetsa nkhawa. Mu 2021 kampaniyi idabweza pempho lake. Sidapite patali. Idasunthira ku Mebane, pamsewu womwewo pomwe I-40 ndi I-85 zimayendera limodzi, ndipo khonsolo ya kumeneko idavomereza mu January 2024. Chomwe kampani inkafuna ndi magalimoto a pamsewuwo, ndipo magalimotowo amadutsa m'matauni onse awiri.

Usiku tidagona kufupi ndi gombe, m'mawa tidapitirira. Pa Mobile msewu umalowa pansi pa mtsinje, n'kutulukira pamlatho wautali wodutsa pamwamba pa madzi a gombelo. Kutsidya kwake, m'dera la Baldwin, cha ku Robertsdale ndi Loxley, ndi komwe Buc-ee's idatsegula sitolo yake yoyamba kunja kwa Texas mu January 2019. Idadumpha Louisiana ndi Mississippi yense n'kudzatera pano, pomwe msewu wa Baldwin Beach Express umapatukira kum'mwera kupita ku Gulf Shores ndi Orange Beach. Mabanja a ku Texas omwe amapita kutchuthi kumagombe a Alabama ndi Florida ankaidziwa kale sitoloyi, moti sipadafunike kuwaphunzitsa. Kuchokera apa idafalikira ku Georgia mu 2020, ku Florida mu 2021, kenako ku South Carolina, Kentucky ndi Tennessee, kawirikawiri m'misewu yopita kunyanja kapena kumapiri, monga ku Sevierville pakhomo la mapiri a Smoky. Itangotsegulidwa ya ku Alabama, malo ena oima apaulendo a pafupi adaisumira kukhoti, ponena kuti ikugulitsa mafuta motsika kuposa momwe malamulo a chigawocho amalolera.

Pabwalo lake ndidayenda pakati pa magalimoto kuwerenga manambala: Texas, Louisiana, Tennessee, Georgia, Missouri, ena a Alabama apo ndi apo. Ambiri adali atamangirira mipando ya kugombe ndi mabokosi a ayezi padenga. Mayi wina wovala malaya ofiira a pantchito, yemwe ankatolera zinyalala pafupi ndi mapampu, adandiuza kuti nyengo yotentha ikafika magalimoto amayamba kundanda kuyambira pamsewu waukulu, ndipo anthu a m'deralo amadzera njira zakuseri popita kwawo.

Alamu adagula nyama ndi buledi zoti tikapereke komwe tinkapitako, adayang'ana wotchi, n'kunena kuti tinyamuke tisanakumane ndi a kutchalitchi akuweruka. Tidasiya I-10 pamenepo n'kukhotera kum'mwera.